Galimoto ya Mabwana Yochokera ku Japan: Mbiri ndi Kapangidwe ka Lexus LS400

Mawu amene mmodzi wa ife, injiniya wa zamagalimoto, anayankhula pa msonkhano wa ophunzira akale ku Malosa



A komiti atandilembera kuti ndidzayankhule za ntchito yanga, anandichenjeza kuti ndisankhe mutu woti anthu asawodzere pambuyo pa nkhomaliro. Ndasankha galimoto. Ndikudziwa kuti pakati pathu alipo amene apuma pa ntchito posachedwapa, ndipo ndalama za penshoni zikuwayabwa m'thumba. Aliponso achinyamata amene amachezera pa intaneti kusirira zithunzi za magalimoto a ku Japan. Pa zithunzipo mumaona chigalimoto cha mipando yachikopa, chonyezimira, mtengo wake wotsika modabwitsa. Ndikufuna kuti musanatumize ndalama zanu mudziwe kumene magalimoto oterewa anachokera, mmene anawapangira, ndi zimene amafuna kwa mwini wake. Ndiyankhula makamaka za imodzi, Lexus LS400, imene kwawo ku Japan inkatchedwa Toyota Celsior.

Nkhaniyi ikuyambira pa nsalu. A Sakichi Toyoda, amene anabadwa mu 1867, anali mwana wa kalipentala, ndipo ntchito ya moyo wawo inali kupanga makina owombera nsalu. Mu 1924 anamaliza makina amene ankaima okha ulusi umodzi ukangoduka. Makina opanda nzeru imeneyi ankapitiriza kuwomba ngakhale ulusi utaduka, nsalu yaitali n'kuwonongeka wantchito asanazindikire. Ganizo la a Toyoda linali lakuti cholakwika chizigwidwa pomwe chayambirapo. Mu 1929 kampani ya ku England yotchedwa Platt Brothers inagula ufulu wopanga makinawo pa mtengo wa mapaundi 100,000. Mwana wawo, a Kiichiro Toyoda, ndiwo anatembenukira ku magalimoto, ndipo mu 1937 kampani ya Toyota Motor inakhazikitsidwa. Ganizo la ulusi woduka lija linalowa nawo m'fakitale ya magalimoto. Anamangamo chingwe chotchedwa andon, chimene wantchito aliyense, ngakhale wolembedwa dzulo, amaloledwa kukoka akaona cholakwika, ndipo vutolo likapanda kutha msanga mzere wonse wa magalimoto umaima. Chingwe chimenechi muchisunge m'mutu, chifukwa tichipezanso kutsogoloku.

Galimoto ya Toyota imene inayamba kutchuka pakati pa mabwana inali Crown, yomwe inatuluka mu 1955. Masiku amenewo misewu yambiri ya ku Japan inali yafumbi ndi maenje, choncho Crown anaipanga yolimba kuti ipirire zimenezo, ndipo oyendetsa matakisi anaikonda. Mu 1958 anayamba kuigulitsa ku America ndi dzina loti Toyopet Crown. Kumeneko inakumana ndi misewu yotakata mmene anthu amathamanga maola ambiri osaima. Kainjini kake ka malita 1.5 kanaperewera mphamvu, kankatentha, galimoto yonse n'kumanjenjemera. Pofika 1961 a Toyota anali atasiya kuigulitsa kumeneko. Anabwerera kwawo ataphunzira kuti galimoto imapangidwira msewu umene idzayendemo, ndipo phunziro limeneli likutikhudza ifenso okhala m'mbali mwa msewu wa M3. Mu 1967, pokumbukira zaka 100 chibadwire a Sakichi Toyoda, anatulutsa Century, galimoto ya akuluakulu a boma ndi a makampani amene amakhala kumbuyo dalaivala akuwayendetsa. Imeneyo anaipangira makamaka msika wa kwawo.

M'zaka za m'ma 1970 mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse, anthu a ku America anathamangira timagalimoto ta ku Japan tosamwa mafuta, monga Corolla. Makampani a magalimoto a ku America anadandaula, ndipo mu 1981 dziko la Japan linavomera kuika malire pa chiwerengero cha magalimoto otumizidwa kumeneko. Tsono ganizani nokha. Atakuuzani kuti pa msika wa Songani muziloledwa kubwera ndi mbuzi zisanu zokha, kodi mungasankhe zowonda? Makampani a ku Japan anaona kuti phindu lili pa magalimoto okwera mtengo. Komanso aja anagula Corolla ali anyamata anali atakula ndi kulemera, ndipo ankapita kukagula Mercedes-Benz kapena BMW. Mu Ogasiti 1983 a Eiji Toyoda, mkulu wa kampani ya Toyota, anasonkhanitsa akuluakulu awo mwachinsinsi n'kuwafunsa ngati angathe kupanga galimoto yopikisana ndi magalimoto abwino koposa a pa dziko lapansi. Ntchitoyo anaitcha F1. Anzawo nawo sanagone: a Honda anatulutsa Acura mu 1986, a Nissan anatulutsa Infiniti mu 1989.

Pokumbukira zimene zinachitikira Crown, sanayambe ndi kujambula. Mu 1985 anatumiza gulu la anthu ku America, amene anachita lendi nyumba ku Laguna Beach m'chigawo cha California kuti aone mmene anthu olemera amakhalira ndi zimene amafuna pa galimoto. Safunsa anadya phula. Kenaka injiniya wamkulu wa ntchitoyi, a Ichiro Suzuki, anaika zolinga zimene mainjiniya anzawo anaziona ngati zosatheka. Galimotoyo ifike liwiro la makilomita 250 pa ola. Isamwe mafuta kufika pokhomeredwa msonkho umene boma la America limaika pa magalimoto omwa kwambiri, kutanthauza kuti iziyenda makilomita oposa 9 ndi theka pa lita imodzi. M'kati mukhale chete kuposa m'magalimoto a ku Germany, koma galimotoyo isalemere kuwaposa.

Aliyense wodziwa injini akuuzani kuti zolinga zimenezi zimalimbana. Kuti muthamange mufunika injini yaikulu, ndipo injini yaikulu imamwa mafuta ndi kusokosa. Kuti muphe phokoso mumaika zofunda zochindikala m'zitseko ndi pansi, zofundazo zimalemera, ndipo kulemerako kumamwanso mafuta. A Suzuki anakana njira yophimba phokoso. Analamula kuti phokoso lililonse alitsatire mpaka kumene likuchokera, alithetsere komweko. Ndi ganizo lomwe lija la ulusi woduka.

Tiyambe ndi injini. Dzina lake ndi 1UZ-FE, ya malita 4, masilinda 8 oikidwa m'mizere iwiri yokumana pansi ngati chilembo cha V, mavavu 32, ndi mphamvu ya mahosipawa 250. Chifukwa chiyani masilinda 8? Amayi amene muli pano mundithandize. Mayi mmodzi akamasinja chimanga mu mtondo mumamva kugunda, kenaka kachetechete, kenaka kugundanso. Akakhala awiri kapena atatu pa mtondo umodzi, misi ikulandizana, kugunda kuja kumalumikizana kukhala ngati nyimbo. Mu injini silinda iliyonse imaphulitsa mafuta kamodzi pa kuzungulira kuwiri kwa shafiti yaikulu. Injini ya masilinda 4 imagunda kawiri pa kuzungulira kumodzi, pamene ya masilinda 8 imagunda kanayi, ndipo mphamvu imatuluka mosalala. Thupi la injiniyi analipanga ndi aluminiyamu kuti lipepuke. Shafiti yaikulu anaigwiriza ndi mabawuti 6 pa malo aliwonse ogwirira, monga amachitira pa injini za mpikisano. Asanakhutire anapanga injini zoyeserera zoposa 900.

Kunjenjemera kwina kumachokera pa chitsulo chachitali chimene chimatenga mphamvu kuchokera ku giya kupita ku magudumu a kumbuyo. Pa magalimoto ambiri chitsulochi chimapindika pang'ono polumikizira pake, ndipo kupindikako kumabala kunjenjemera. Mainjiniya a F1 anapendeketsa injini pang'ono kuti injini, giya ndi chitsulocho zikhale pa mzere umodzi wowongoka. Injiniyo anaikhazika pa timitsamiro tokhala ndi madzimadzi m'kati, toyamwa kunjenjemera kusanafike pa thupi la galimoto.

Za thupilo, kumbukirani belu la ku pulaimale, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo. Mukachimenya chimalira mpaka ku midzi. Mukachigwira ndi dzanja n'kuchimenya, chimangoti phu. Pa malo ena a thupi la LS400 anagwiritsa ntchito malata awiri opyapyala okhala ndi zomatira pakati. Zomatirazo zimagwira ntchito ya dzanja lija, chitsulo n'kulephera kulira.

Chotsala chinali mphepo. Amene munamvetsera phunziro la Physical Science mukukumbuka kuti mphamvu imene mphepo imakankhira chinthu choyenda imakula mofulumira kuposa liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakukankhani kanayi. Wakabaza aliyense wopalasa moyang'anana ndi mwera amazidziwa zimenezi popanda buku. Pa makilomita 250 pa ola mphepo imakankha ka 25 kuyerekeza ndi pa makilomita 50. Choncho anasalaza thupi lonse, magalasi anawaika molingana ndi chitsulo, ngakhale kunsi kwa galimoto, kumene wogula sayang'anako, anakukonza kuti mphepo idutse osakodwa. Nambala imene timayezera kuterera kwa galimoto mu mphepo inatsika kufika pa 0.29, yomwe inali yotsika kwambiri pa galimoto yaikulu ya nthawi imeneyo. Nambala imodziyi inathandiza pa liwiro, pa mafuta ndi pa phokoso nthawi imodzi.

Mutu umodzi susenza denga. Ntchitoyi inatenga zaka 6, mainjiniya 1,400, amisiri 2,300, magalimoto oyeserera pafupifupi 450, ndi ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Galimotoyo anaionetsa koyamba mu Januwale 1989 mu mzinda wa Detroit, ndipo inayamba kugulitsidwa mu Sepitembala chaka chomwecho. Ankaipanga pa fakitale ya Tahara ku Japan. Poitsatsa pa wailesi yakanema anasanjikiza matambula agalasi pa boneti ngati chulu, magudumu akuzungulira pa makina oyesera pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola, ndipo palibe tambula imene inagwa. Mtengo wake unali wotsika ndi madola masauzande ambiri poyerekeza ndi Mercedes-Benz ndi BMW za msinkhu wake. Pofika 1991 Lexus inali itaposa onse awiriwo pa malonda a ku America.

Koma chimene chinamanga dzina la Lexus chinachitika mu Disembala 1989, patangopita miyezi itatu chiyambire malonda. Panabwera madandaulo ochepa kwambiri: lina la chipangizo chosunga liwiro chimene chinakana kuzima, lina la nyali ya mabuleki imene inkatenthetsa pulasitiki yoizungulira. Kampani inaitanitsa magalimoto onse amene inali itagulitsa, pafupifupi 8,000. Ogulitsa ankapita kukatenga galimoto kunyumba kwa mwini wake, kuikonza, kuitsuka, kuidzaza mafuta, n'kuibweza. Apa ndiye kuti chingwe cha andon chija chinakokedwa galimoto zili kale m'manja mwa ogula. Ambiri ankayembekeza kuti dzina latsopanoli lifera pomwepo, koma ogula anaona kuti apeza anthu osabisa cholakwika.

Tsopano tibwere kwathu. Magalimotowa amafika bwanji kuno? Choyamba, ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, choncho chiwongolero chili mbali yathu. Chachiwiri, kumeneko kuli lamulo lotchedwa shaken, loti galimoto yatsopano ikayesedwe ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse. Kuyesako ndi misonkho yake zimadya ndalama, makamaka pa galimoto yakale ya injini yaikulu, motero eni ake amaona kuti ndi bwino kuigulitsa. Amalonda amaigula pa okushoni, amaikweza sitima yapamadzi, ndipo ambiri mwa magalimoto obwera kuno amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kudzalowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Mukamafufuza muzikumbukira kuti dzina loti Lexus linayamba kugwiritsidwa ntchito ku Japan mu 2005. Galimoto imene tikukambayi mudzaipeza ndi dzina loti Celsior, limene linatha mu 2006. LS400 yomaliza inapangidwa mu 2000, ndipo inalowedwa m'malo ndi LS430 ya malita 4.3. Ndiye kuti ngakhale yaing'ono kwambiri pa banja la LS400 yapitirira zaka 25.

Mtengo umene mumaona pa chithunzi ndi chiyambi chabe. Muwonjezerepo za sitima, za pa doko, za dalaivala ndi mafuta kuchokera ku Dar es Salaam, kenaka msonkho wa a MRA, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto. Galimoto yathuyi ndi yaikulu injini komanso yokalamba. Pitani mukafunse msonkho wake musanatumize ngakhale tambala imodzi.

Ikafika pakhomo iyamba kupempha zake. Thanki yake imalowa malita 85, ndipo m'tauni musayembekeze kupitirira makilomita 7 kapena 8 pa lita. Amene munagona pa mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022, mukudziwa tanthauzo la manambala amenewa. Walira mvula walira matope.

Injini ya 1UZ-FE ndi yolimba zedi. Ku America LS400 ina ya 1996 inakwanitsa mamailosi 1,000,000 mu 2019. Ku South Africa amakaniko amagula injinizi paokha n'kumaziika m'mabaki a Hilux ndi m'magalimoto ena olemera. Koma kulimba kumeneku kumadalira chisamaliro. Injiniyi ili ndi lamba woyendetsa mavavu amene ku Japan amamusintha pa makilomita 100,000. Pa injini za VVT-i, zimene zinayamba mu 1997, lambayu akaduka galimoto ikuyenda mapisitoni amagunda mavavu, ndipo ndalama yokonzera ikhoza kuposa imene munagulira galimoto. Mu ladiyeta mumafunika madzi ake a mankhwala. Madzi a pa mjigo amadya aluminiyamu pang'onopang'ono mpaka injini idzatenthe pokwera chitunda. Oyilo akhale wa mtundu woyenera, wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo chifukwa cha fumbi lathu la m'chilimwe sefa ya mpweya muziiyang'ana kawirikawiri kuposa mmene buku likunenera.

Pali matenda atatu a ukalamba amene galimotoyi imadziwika nawo. Pampu yofewetsa chiwongolero imayamba kudontha, ndipo pansi pake penipeni pali alternator, imene imafa ikamwa mafutawo. Kukonza kudonthako msanga n'kotchipa kuposa kugula zonse ziwiri. Sitata anaibisa pakati pa mizere iwiri ya masilinda, kunsi kwa mapaipi olowetsa mpweya, choncho ntchito imene pa Corolla ndi ya ola limodzi pano imatha tsiku lonse. Mu kompyuta yoyendetsa injini muli tizipangizo tosunga magetsi timene timatha ndi zaka n'kuyamba kutayikira, ndipo galimoto imayamba kuzima kapena kusintha magiya mosokonekera. Makaniko wosadziwa zimenezi akhoza kukugulitsani zipangizo zambirimbiri vuto lili m'kabokosi kamodzi. Muonjezerepo kuti ma Celsior ena amakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Matumbawo akabooka mudzapeza galimoto itagwada m'mawa ngati ng'ombe yodwala.

Pomaliza pali msewu. Paja Crown inalephera ku America chifukwa anaipangira misewu ya ku Japan. LS400 nayo anaipangira misewu yosalala ya ku America, ndipo ndi yaitali, yotsika mimba. Kuchokera ku Zomba kudzera pa Domasi mpaka ku Liwonde idzakusangalatsani, bola muzisamala pa mahampu ndi pa maenje. Mukapatuka kulowa msewu wafumbi wopita kumudzi nthawi ya dzinja, kunsi kosalala kuja kudzakhula pansi. Pa ntchito yanga ndaona magalimoto a mtundu umenewu angapo atakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Ambiri mwa iwo injini zawo zinali zamoyo. Chinawaimitsa ndi kachipangizo kamodzi kamene mwini wake analephera kukapeza kapena kukagula, atathera ndalama zonse pogula galimoto.

Malangizo anga ndi awa. Ngati mukufuna galimoto imodzi yoti ikutumikireni kumunda, kumaliro ndi kuchipatala, gulani imene zipangizo zake zimapezeka ku Limbe ndi ku Zomba, ndipo makaniko wa pa Namwera Turn-off akhoza kuitsegula osachita mantha. Ngati muli nayo kale yoteroyo, ndipo mtima wanu uli pa Celsior, muchite zinthu zinayi. Funsani msonkho poyamba. Pezani makaniko amene anagwirapo injini ya 1UZ, ndipo mumuone ndi maso anu. Sankhani ya masipuling'i. Patulani ndalama yapadera yoti, galimoto ikangofika, musinthe lamba, pampu ya madzi, oyilo yense ndi madzi a mu ladiyeta musanapite nayo ulendo wautali. Mukatero mudzakwera galimoto imene mainjiniya ambiri amaiwerengera pakati pa zopangidwa mosamala koposa m'zaka za m'ma 1900, ndipo mudzamva nokha bata limene a Suzuki analimbanira zaka zonse zija.

Ndaona kuti kumbuyoko kwakhala ana athu a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo ndimalize ndi iwo. Zonse ndafotokozazi, mphepo, kunjenjemera, kutentha kwa zitsulo, magetsi, zili m'mabuku amene muli nawo m'kalasi. Dziko limene linapanga galimotoyi lakhala likutumiza anthu odzipereka kuno ku Malawi kuyambira mu 1971, ena mwa iwo aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndipo mu 2004 linathandiza kuyambitsa ntchito ya SMASSE yosula aphunzitsi a maphunziro omwewa pa koleji ya Domasi, pafupi pomwepa. Magalimoto amene akulowa m'dziko muno masiku ano ali ndi makompyuta ambiri kuposa LS400, ndipo ena amayendera petulo ndi batire pamodzi. Akusowa anthu odziwa kuwerenga chithunzi cha mawaya ndi kutsatira vuto mpaka pa gwero lake. Amene mwa inu adzaphunzire zimenezi sadzasowa ntchito, ndipo ife okalamba tidzakhala ndi kopita magalimoto athu akadzayamba kutsokomola.

A Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wotchi kawiri. Amene ali ndi mafunso, kapena ali kale ndi chithunzi cha galimoto m'foni mwawo, andipeze panja tikamamwa tiyi.